Kuchokera pa Khonde la Zeno mpaka ku Rome: masiku 9 tikulonda nzeru zakale

Tsiku 1. Athens, pabwalo la Agora

Amene akufuna kuona Khonde la Zeno asathamangire kulowa pageti la Agora, msika wakale wa mzindawu. Khondelo lili kunja kwa mpanda, kutsidya kwa njanji ya sitima yopita ku Piraeus, m'dzenje la ofukula zakale m'mbali mwa msewu wa Adrianou. Ukasuzumira umangoona masitepe amiyala ndi ngodya ya maziko, basi. Analifukula mu 1981. Cha m'ma 300 BC, Zeno wa ku Citium pa chilumba cha Cyprus ankaphunzitsa pamenepa, ndipo popeza khonde m'Chigiriki ndi stoa, omutsatira anangotchedwa Asitoiki, anthu a pakhonde. Ndi omwewa amene buku la Machitidwe chaputala 17 limanena kuti anatsutsana ndi Paulo mumsika uno, pamodzi ndi Aepikureya.

Khondeli linali m'mphepete mwa msika, paphokoso la ogulitsa ndi okangana milandu. Kwa anthu amenewa filosofi inali ntchito yoyeserera tsiku ndi tsiku, yokhala ndi nthawi yake ndi muyeso wake, ngati ya wothamanga. N'chifukwa chake pa ulendo uno malo aliwonse tikutengapo chochita chimodzi, kachitidwe kake, ndi pomwe chimapotoka.

Kum'mwera chakumadzulo kwa bwalo, pafupi ndi mwala wa malire, pali maziko a kanyumba momwe anapeza misomali yambiri ya nsapato ndi tsinde la chikho lolembedwa dzina la Simon. Ambiri amati ndi shopu ya wosoka nsapato momwe Socrates ankakonda kukhala n'kumafunsa achinyamata mafunso. M'nyumba yosungira zakale ya mu Stoa of Attalos muli mphika wadothi wa kabowo pansi, wotchi yamadzi ya kukhoti. Madzi ake amatha pa mphindi pafupifupi 6, ndipo akatha wolankhula ankakhala pansi.

Mphindi 6 zomwezo n'zokwanira kuyesa kafunsidwe ka Socrates. Lembani chiganizo chimene chakhala chikukuzungulirani m'mutu, monga chakuti abwana sakulemekezani. Dzifunseni kuti ulemu mukuunenawo ndi chiyani, ndipo yankho likhale chinthu chooneka: kuyankhidwa moni, kufunsidwa maganizo zinthu zisanasinthidwe, kulipidwa pa nthawi yake. Kenako sakani chitsanzo chimodzi chokha chotsutsa chiganizo chanucho. Chikapezeka, konzani chiganizo. Nthawi zambiri chimafota n'kukhala chakuti kawiri mwezi uno anasintha ndondomeko ya ntchito osakufunsani. Chimenechi munthu angapite nacho kukakambirana. Choyamba chija chimangotupitsa mtima.

Zimapotoka munthu akatenga mafunsowa ngati msampha wokolera anzake pagulu. Socrates mwiniwake anadzipalira adani ambiri motero, mpaka mu 399 BC oweruza pafupifupi 500 anagamula kuti amwe chiphe. Mwezi woyamba funsani ziganizo zanu zokha. Mnzanu muzimufunsa pokhapokha inunso yankho simukulidziwa.

Tsiku 2. Kerameikos mpaka ku Akadimia Platonos

Kuchokera pa chipata chakale cha Dipylon, m'manda a Kerameikos, msewu unkalunjika kumpoto chakumadzulo mtunda wa kilomita imodzi ndi theka kukafika ku Academy, sukulu imene Plato anayambitsa cha mu 387 BC. Lero njirayi imadutsa pakati pa nyumba zosanjikizana ndi magalaja, ndipo Academy ndi paki wamba momwe anthu amayendetsa agalu pakati pa miyala ya maziko. Penapake m'njira yomweyi panali Munda wa Epicurus, mphunzitsi wa Aepikureya aja, umene anagula cha mu 306 BC pa ndalama zokwana ma mina 80. Munkalowa akazi ndi akapolo omwe, zimene zinapatsa adani ake nkhani zomunamizira kuti m'mundamo munali zachiwerewere ndi madyerero.

Zoona zake, mkuluyu ankadya buledi ndi madzi, ndipo analembera mnzake kuti amutumizire kamphika ka tchizi kuti tsiku lina adzachite phwando. Iye ankati zofuna za munthu zili mitundu itatu. Zina n'zachibadwa ndiponso n'zofunika, monga chakudya, chovala, pogona ndi abwenzi. Zina n'zachibadwa koma munthu safa nazo, monga chakudya chonona. Zina si zachibadwa ndipo si zofunika, monga kutchuka ndi kuposa anzako. Kusiyana kwake kuli pa malire: njala imatha ukadya, koma kufuna kutamandidwa kulibe pokhuta.

Kachitidwe kake lero ndi aka. Tengani zonse munawonongerapo ndalama masiku 30 apitawa, kuchokera pa malisiti kapena mauthenga a kubanki a pafoni, muziike m'magawo atatu aja. Chinthu chimene mwasowa pochiika muchifunse mafunso awiri a Epicurus: chingandichitikire n'chiyani ndikachipeza, nanga ndikapanda kuchipeza? Pafupifupi aliyense poyamba amakankhira zonse m'gawo loyamba, chifukwa mtima ndi loya wochenjera. Chothandiza ndi kugawa chinthu pawiri. Foni yoimbira ndi kugwirira ntchito ili m'gawo loyamba, koma ndalama yowonjezera imene munalipira kuti anthu aione ili m'gawo lachitatu. Musadule chilichonse mwezi woyamba, ingowerengani. Mwezi wachiwiri chotsani chinthu chimodzi cha gawo lachitatu.

Seneca, wolemba wa ku Rome, ngakhale anali Msitoiki, anabwereka kwa Epicurus chizolowezi china: kupatula masiku 3 kapena 4 n'kumadya zotchipa, kuvala zokhakhala ndi kugona pouma, uku ukudzifunsa ngati chimenechi ndicho unkaopa chija. Cholinga ndi kuchepetsa mantha a umphawi, amene amachititsa munthu kumamatira ntchito yoipa kapena kulandira ziphuphu. Ichi ndi chochita cha munthu wokhuta. Kuuza wosauka weniweni kuti ayeserere umphawi ndi chipongwe. Wodwala shuga, woyembekezera ndi amene ali pa mankhwala asasewere ndi chakudya, ayese pa zinthu zina. Ndipo mukajambula mbale yanu ya tsikulo kuti anthu akuyamikireni, mwalowa kale m'gawo lachitatu.

Chimene ambiri amaiwala pa Epicurus ndi ubwenzi. Ankati uyambe waganiza za amene udye naye usanaganize za chimene udye, ndipo mu wilo yake analamula kuti ophunzira ake azikumana pa 20 mwezi uliwonse. Tsiku lokhazikika ndilo linasunga gululo zaka mazana. Abwenzi amene amangouzana kuti tidzaonana sakumana.

Tsiku 3. Lyceum, pa msewu wa Rigillis

Sukulu ya Aristotle inapezeka mwangozi mu 1996 pokonza malo omangapo nyumba, ndipo inatsegulidwa kwa anthu mu 2014. Ili pafupi ndi siteshoni ya Evangelismos, moyandikana ndi Byzantine and Christian Museum. Chotsala ndi maziko a bwalo la omenyana ndi mabafa. Aristotle anayamba kuphunzitsa pano mu 335 BC, ndipo n'zosadabwitsa kuti zitsanzo zake zambiri n'za masewera ndi ntchito zamanja. Mmisiri amakhala mmisiri pomanga, iye anatero, ndipo wolungama amakhala wolungama pochita zolungama. Khalidwe ndi chizolowezi.

Chiphunzitso chake chakuti khalidwe labwino lili pakati pa kuchepa ndi kunyanya anthu amachimva molakwa, ngati akunena kuti uzikhala wofunda pa chilichonse. Iye mwini anatseka khomo limeneli ndi chitsanzo cha chakudya. Ngati miyeso 10 yachuluka ndipo 2 yachepa, sizitanthauza kuti mphunzitsi wa masewera apatse aliyense 6. Kwa Milo, katswiri womenyana wa ku Croton, 6 ndi yochepa, pomwe kwa woyamba kumene ndi yambiri. Pakati pamadalira munthu, nthawi ndi nkhani. Ananenanso kuti kuba, kupha ndi chigololo zilibe pakati.

Malangizo ake othandiza kwambiri ndi a ndodo yopindika. Woiwongola amaipinda kupyola pakati, kuloza mbali inayo, kuti ikabwerera iime chilili. Choyamba dziwani mbali imene mumapendekera, ndipo chizindikiro chake ndi chimene chimakukomerani. Ngati kukhala chete pamsonkhano kumakupatsani mpumulo, mumapendekera ku mantha, ndiye kwa milungu iwiri lankhulani kamodzi pamsonkhano uliwonse, ngakhale mukuona ngati mwanyanya. Ngati kudula anzanu mawu kumakukomerani, dikirani anthu atatu alankhule kaye. Kumva ngati mwanyanya ndi umboni wakuti ndodo ikupindika. Gwirani khalidwe limodzi lokha. Amene amayamba kuwongola ulesi, ukali ndi kuwononga ndalama sabata imodzi amasiya zonse sabata yachiwiri.

Tsiku 4. Chaeronea ndi Delphi

Kuchokera ku Athens kupita ku Delphi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Wa galimoto angapatuke pa Livadeia kulowera kumpoto pang'ono n'kufika ku Chaeronea, komwe chiboliboli cha mkango chimalondera manda a asilikali a ku Thebes amene anafa pa nkhondo ya mu 338 BC. Kuno ndi kwawo kwa wolemba mabuku Plutarch, amene ankanena moseka kuti sachoka m'katauni kake kuopa kuti kangachepe kuposa apa. Anali wansembe ku Delphi zaka zambiri.

Ku Delphi, m'mbali mwa phiri la Parnassus, pa kachisi wa Apollo patsala nsanamira zochepa zoimikidwanso. Mawu otchuka aja, akuti dzidziwe wekha ndi akuti usanyanye pa chilichonse, analembedwa polowera m'kachisi, koma lero palibe. Timawadziwa kuchokera kwa alembi akale. Ndi mawu okoma, koma sauza munthu chochita Lolemba m'mawa. Plutarch ndiye amauza.

Analemba kankhani konena za chidwi chofuna kudziwa za eni, ndipo ukakawerenga umangoona foni. Akuti anthu a m'nthawi yake kalata ikafika ankadula zingwe zake ndi mano manja akachedwa. Mankhwala ake ndi kuyeserera pa zinthu zazing'ono: poyenda osawerenga zolembedwa pa manda ndi pa makoma, podutsa pakhomo la eni osasuzumira m'kati, kalata ikabwera osaitsegula pomwepo. Amasimba kuti tsiku lina akuphunzitsa ku Rome, msilikali anabwera ndi kalata yochokera kwa mfumu kudzapatsa Rusticus, mmodzi wa omvetsera. Plutarch anaima kuti mwini wake awerenge, koma Rusticus anakana kumatula chidindo mpaka phunziro litatha. Munthu ameneyu pambuyo pake anaphedwa ndi mfumu Domitian, ndiye kalata za kunyumba yachifumu sizinali zosewera nazo.

Tengani makwerero omwewo. Sabata yoyamba, foni ikalira ndi uthenga werengani m'mutu mpaka 60 musanaigwire. Sabata yachiwiri dikirani mpaka mutsirize chimene chili m'manja, kaya ndi chiganizo, mbale yotsuka kapena mawu a amene mukulankhula naye. Sabata yachitatu sankhani nthawi zitatu pa tsiku zoonera mauthenga, mabelu ena onse muzimitse, kusiya kuimba kokha kuti wa zadzidzidzi akupezeni. Amene amalumphira kufufuta zonse tsiku limodzi amabwerera pasanathe sabata, chifukwa dzanja silinaphunzire kudikira, langomangidwa. Palinso vuto la anthu ena: mukasintha osawauza, amayesa mwawakwiyira. Auzeni nthawi zimene muziyankha.

Tsiku 5. Msewu wopita ku Preveza

Lero ndi tsiku la msewu wokhawokha: kutsika m'mbali mwa nyanja ya Corinth, kudutsa Nafpaktos, kuona mlatho wa Rio ndi Antirrio wa mu 2004 osauwoloka, kenako kumpoto mpaka ku Aktio, komwe msewu umalowa pansi pa madzi n'kutulukira ku Preveza.

Tsiku lotere ndi la chitsanzo cha Epictetus, mphunzitsi wa Asitoiki, cha ku bafa ya anthu onse. Usanapite, iye ankati, dzikumbutse zimene zimachitika kumeneko: ena amawaza madzi, ena amakankha, ena amatukwana, ena amaba. Ndiye unene kuti ndikufuna kusamba, komanso ndikufuna kusunga mtima wanga m'malo. Pa msewu ndi chimodzimodzi. Musanalize injini tchulani zinthu zitatu zimene zimachitikadi, monga wokudulani kutsogolo, mzere wa polipira msonkho wa msewu ndi kusochera. Zikhale zamasiku onse, ndipo zisapitirire mphindi imodzi. Woyamba kuganiza za ngozi zoopsa wasiya kukonzekera, wayamba kuda nkhawa.

Tsiku 6. Nicopolis

Mabwinja a Nicopolis ali makilomita ochepa kumpoto kwa Preveza, pakati pa minda. Octavian, amene pambuyo pake anakhala mfumu Augustus ya ku Rome, anamanga mzindawu pokumbukira kupambana kwake pa nkhondo ya Actium mu 31 BC. Pali bwalo la zisudzo, kabwalo ka nyimbo kosungika bwino, ndi malinga aatali a m'nthawi ya Chikhristu. Alendo ndi ochepa. Kuno ndi komwe Epictetus anatsegula sukulu Domitian atathamangitsa afilosofi ku Rome chakumapeto kwa zaka 100 zoyambirira AD. Anabadwira ku Hierapolis, m'dziko limene lero ndi Turkey, anali kapolo wa Epaphroditus mlembi wa mfumu Nero, ndipo anali wolumala mwendo. Sanalembe buku. Zimene tili nazo analemba ndi wophunzira wake Arrian, ndipo mwa mabuku 8 a maphunzirowo anatsala 4, kuphatikizapo kabuku kachidule kotchedwa Enchiridion.

Kabukuko kamayamba ndi kugawa zinthu pawiri: zimene zili m'manja mwathu ndi zimene sizili m'manja mwathu. Ambiri amadziwa mawuwa koma amagawa molakwa, chifukwa mzere wa Epictetus ndi wothina kuposa momwe timaganizira. M'manja mwathu muli kaganizidwe kathu, zofuna zathu ndi zosankha zathu. Thupi, chuma, mbiri ndi udindo iye anaziika kunja.

Tengani pepala mulembe mzere pakati. Tinene kuti muli ndi mayeso a ntchito Lachinayi. Kumanzere kulowe zimene mungachite ndi thupi lanu lero kapena mawa: kuwerenga za kampaniyo kwa ola limodzi, kuyeserera mokweza mayankho a mafunso 5, kukonza zovala, kunyamuka msanga. Kumanja kulowe kuchuluka kwa opikisana nawo, mtima wa ofunsa, ndi zotsatira. Choyesera chake n'chosavuta. Ngati chinthu chikufuna kuti munthu wina avomereze, ndi cha kumanja. Kuwasangalatsa ndi kwa kumanja. Kuyankha momveka ndi kwa kumanzere. Mukatero chilichonse cha kumanzere chipatseni ola lake, cha kumanja muchiwerenge kamodzi n'kupinda pepalalo. Cicero, wolemba wa ku Rome, anafotokoza ganizoli ndi woponya muvi: kukoka uta ndi kulunjika ndi zake, koma muvi ukachoka mphepo ili ndi gawo lake.

Njira imeneyi imapotoka pawiri, ndipo kupotoka kwachiwiri n'koopsa. Koyamba ndi ulesi wovala mkanjo wa nzeru, pomwe munthu amataya kumanja zinthu zimene akanachitapo kanthu. Malipiro anu akachedwa, kulipira kuli m'manja mwa ena, koma kulemba kalata yodandaula, kusunga umboni ndi kupita kwa oona za apantchito zili kumanzere. Wozunzidwa m'banja sangasinthe mtima wa womuzunza, koma kuuza anthu ndi kuchoka ndi zosankha zake. Kwachiwiri ndi kuuma mtima. Arrian analemba za bambo wina amene anauza Epictetus kuti mwana wake wamkazi atadwala kwambiri iye anathawa panyumba chifukwa sakanapirira kumuona. Epictetus anamufunsa ngati mayi, mlezi ndi mphunzitsi wa mwanayo akanayeneranso kuthawa, mwana afe yekha chifukwa cha chikondi chawo. Kuchira kwa mwana sikunali m'manja mwa bamboyo. Kukhala pambali pa bedi kunali m'manja mwake.

Pa mkwiyo, malangizo ake ali ndi manambala. Yambani ndi zazing'ono, mafuta otayika kapena kapu yosweka, n'kunena kuti umenewu ndi mtengo wa mtendere wa mumtima. Kumbukirani kuti kapu ya mnansi ikasweka mumafulumira kunena kuti zimachitika, ndiye yanu ikasweka nenani zomwezo. Kenako werengani masiku amene simunapse mtima: poyamba tsiku lililonse, kenako kulumpha limodzi, kenako atatu, anayi. Mukafika 30, iye anati, perekani nsembe yoyamika. Chongani pa kalendala madzulo. Tsiku limene mkwiyo unabwera koma simunakweze mawu kapena kutumiza uthenga woluma liwerengedwe ngati labwino, apo ayi mudzagwa ulesi tsiku lachitatu.

Ganizo lake lakuti chovutitsa munthu si chochitikacho koma mmene akuchionera ndilo Albert Ellis ndi Aaron Beck anavomereza kuti linawatsogolera pokonza njira zamakono zothandizira anthu ovutika maganizo. Ndipo kwa amene angathe masiku 9 akulankhula za filosofi, Epictetus ali ndi chenjezo: nkhosa sizibweretsa udzu kwa mbusa kuti aone kuchuluka kwa zimene zadya, zimangotulutsa ubweya ndi mkaka.

Tsiku 7. Panyanja, Igoumenitsa mpaka Brindisi

Sitima yapamadzi imadutsa pakati pa chilumba cha Corfu ndi gombe la Albania, n'kuwoloka kupita ku Italy pa maola 8 kapena kuposerapo. Njira imeneyi ili ndi nkhani yake. Aulus Gellius analemba kuti akuwoloka kuchokera ku Cassiopa pa Corfu kupita ku Brundisium, yomwe ndi Brindisi ya lero, anakumana ndi namondwe usiku wonse. M'sitimamo munali mphunzitsi wotchuka wa Asitoiki, ndipo nkhope yake inayera ndi mantha ngakhale sanalire ngati enawo. Nyanja itadekha Gellius anamufunsa chifukwa chake. Mkuluyo anatulutsa m'chikwama buku lachisanu la maphunziro a Epictetus, limodzi mwa amene anatayika aja, n'kumuonetsa pomwe akuti kudzidzimuka koyamba sikuli m'manja mwa munthu aliyense, wanzeru kapena wopusa. Kusiyana kuli pa zotsatira: wanzeru savomereza zimene manthawo akunena.

Mfundo imeneyi imapulumutsa anthu ambiri amene amasiya poganiza kuti alephera chifukwa mtima unagunda. Kugunda kwa mtima, thukuta la m'manja ndi kutentha kwa nkhope ndi za thupi. Ntchito yanu imayamba pa mphindi yotsatira. Tchulani chimene chachitika popanda mawu okometsera, monga kuti sitima ikupendama kapena kuti uthenga wanga sunayankhidwe, ndiye chedwetsani chochita. Seneca ankati mankhwala aakulu a mkwiyo ndi kuchedwa, ndipo Athenodorus analangiza mfumu Augustus kuti akakwiya atchule kaye zilembo zonse 24 za alifabeti ya Chigiriki. Kwa uthenga wolembedwa, zilembo 24 n'zochepa. Ugone usiku umodzi usanatumizidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Seneca analinso ndi kamawu ka apaulendo: ndidzawoloka, pokhapokha china chitanditchinga. Kamawuka kamagwira ntchito ngati mwatchula chotchingacho ndi chimene mudzachite chikachitika. Sitima ikachedwa ndikasowa ya pamtunda yam'mawa, ndidzakwera yamasana. Popanda mbali yachiwiriyi kamangokhala kodzikhululukira nako pasadakhale.

Tsiku 8. Brindisi mpaka Rome

Pamwamba pa masitepe oyang'ana doko pali chipilala chimene anthu amati ndi mathero a Via Appia, msewu wakale wochokera ku Rome. Sitima ya pamtunda imafika ku Rome pa maola 5 kapena kuposerapo, nthawi yokwanira kuwerenga makalata angapo a Seneca kwa Lucilius. Imodzi imaseka apaulendo, kuti ukathawa umadzitenga wekha, ndiye chofunika kusintha ndi mtima osati thambo. Ina imalangiza kuwerenga alembi ochepa n'kusankha ganizo limodzi loti uligaye tsiku limenelo.

Seneca yemweyu anali phungu wa Nero ndipo anali ndi chuma chimene akale amati chinafika ndalama za ma sesterce 300 miliyoni, uku akulemba zotamanda umphawi. Anthu a m'nthawi yake anamunena za chimenechi. Malangizo ake ayesedwe pa ntchito yake, osati pa mbiri ya mwini wake.

Tsiku 9. Rome

Chiboliboli cha mfumu Marcus Aurelius ali pa hatchi chimene chili pakati pa bwalo la Campidoglio ndi chofanizira. Chenicheni, chamkuwa, chili m'kati mwa Capitoline Museums. Chinapulumuka osasungunulidwa chifukwa anthu ankayesa ndi Constantine, mfumu ya Chikhristu. Chipilala chake chili pa Piazza Colonna, chozokotedwa nkhondo zake za kumtsinje wa Danube, ndipo pamwamba pake kuyambira 1589 paima Paulo Woyera. Marcus analamulira kuyambira 161 mpaka 180, m'nthawi ya nkhondo ndi mliri umene unayamba cha mu 165. Zolemba zake, mabuku 12 a m'Chigiriki, zinali kope lodzilangizira yekha, mbali zina analembera ku misasa ya asilikali monga Carnuntum. N'chifukwa chake amabwerezabwereza. Munthu woyeserera amabwereza. Buku loyamba ndi mndandanda wa anthu ndi chimene anaphunzira kwa aliyense, ndipo akuyamika mphunzitsi wake, Rusticus wina, pomubwereka zolemba za Epictetus. Rusticus yemweyu ndiye anaweruza mphunzitsi wa Chikhristu Justin Martyr kuti aphedwe. Nzeru za pakhonde sizinawatsegule maso pa zonse.

Chochita chake cha m'mawa n'chodziwika: dziuze kuti lero ndikumana ndi wolowerera za eni, wosayamika, wodzikuza, wachinyengo, wansanje ndi wodzikonda. Ambiri amaimira pomwepa, n'kutuluka m'nyumba ali okonzeka kumenyana. Koma ndimeyo imapitirira. Akuti anthuwa amatero posadziwa chabwino ndi choipa, ndi abale anga, ndipo tinapangidwa kuti tigwirizane ngati mapazi, manja, zikope ndi mano a m'mwamba ndi a m'munsi. Theka lachiwirili ndilo mankhwala. Ganizirani munthu mmodzi weniweni amene mukumana naye lero, chimene mwina achite, chimene inu mudzayankhe, ndi ntchito imene nonse awiri mukuyenera kuimaliza. Mphindi 3 zakwana. Pa ndandanda ya tsikulo funsani funso lake lina, lakuti kodi ichi n'chofunika, chifukwa iye ankati zambiri zimene timanena ndi kuchita n'zosafunika. Fufutani chimodzi.

Cha madzulo n'cha Seneca, amene anachitengera kwa Sextius. Nyale ikachotsedwa ndipo mkazi wake, wodziwa chizolowezi chake, akakhala chete, Seneca ankayenda m'tsiku lonse osabisa kanthu. Mafunso ndi atatu: ndi choipa chiti wachiza lero, ndi chilakolako chiti wakana, wapita patsogolo pati? Zitsanzo zake n'zazing'ono. Pa mkangano uja unalankhula mwaukali. Uja unamudzudzula mopyola, ndiye unamukhumudwitsa m'malo momukonza. Kenako chigamulo: usadzachitenso, lero ndakukhululukira.

Lembani m'kope, osati pafoni, mizere itatu kapena isanu, mphindi zosapitirira 10, mutakhala pampando musanakwere pabedi. Lembani zimene inu munachita, chifukwa kope likayamba kudzaza ndi zolakwa za ena lasanduka buku la madandaulo. Cholakwa chilichonse chikhale ndi chochita cha mawa chotchulidwa bwino, monga kupepesa kwa uje isanakwane 9 koloko. Funso lachitatu musalidumphe ngakhale tsiku linali loipa. Mawu a chikhululukiro aja ndiwo amatseka mlandu, ndipo Seneca akuti tulo totsatira timakhala tabwino. Ngati m'malo mwake mukupezeka maso ali gwa mpaka pakati pa usiku mukudzizenga mlandu womwewo, sunthirani chochitachi ku nthawi yoweruka kuntchito. Zikapitirira milungu iwiri, limodzi ndi kusowa chilakolako cha chakudya kapena cha ntchito, tsekani kope mukaonane ndi dokotala.